Lachinayi ku Jerez

Lero aphunzitsi athu a gule wa flamenco sanalole aliyense kuponda pansi kwa theka la ola lathunthu. Anatiimika mozungulira n'kunena kuti tiziomba m'manja basi. Atsikana a ku Italy amene timaphunzira nawo, omwe anakulira mu gule wa ballet, nkhope zinagwa. Iwo anabwera kudzagwetsa fumbi ndi mapazi, osati kudzaombera anzawo.

Chipinda chathu chili m'dera la Santiago, limodzi mwa madera awiri a Jerez de la Frontera, mzinda wa ku Spain, amene amanyadira bulería, mtundu wina wa flamenco. Linalo ndi San Miguel, kwawo kwa malemu Lola Flores, woimba ndi wovina wotchuka. Ino ndi nyengo ya Festival de Jerez, chikondwerero chimene chinayamba mu 1997. Chaka chilichonse kumapeto kwa Febuluwale mpaka mu Malichi anthu amachokera kutali kudzaphunzira masana, usiku n'kukaonera akatswiri ku Teatro Villamarta. M'gulu lathu muli atsikanawo, mnyamata wa ku Mexico, mayi wina wa ku Osaka amene mutu wonse ndi imvi zokhazokha, ndi ine wa zaka 59, wosamalira okalamba ku Leeds.

Kuombako kuli ndi malamulo ake. Compás, kapena kuti kayendedwe ka nyimbo, ya bulería ili ndi kugunda 12, ndipo kuwerenga kumayambira pa 12 pomwepo. Mphamvu imagwa pa 12, 3, 6, 8 ndi 10, kutanthauza magulu awiri a zitatuzitatu kenako magulu atatu a ziwiriziwiri. Woimba akayamba, mumapinda zikhatho kuti phokoso likhale lofatsa, zimene amati palmas sordas. Wovina akayamba kuponda, mumamenya zala pachikhatho kuti kulire mwa thwa thwa. Atsikana ankawerenga mokweza n'kumasochera pa 8. Ine manja anangolowa okha. Munthu amene anakula akuombera chimtali ku Dedza sadabwa zitatu zikamasinthana ndi ziwiri, ndipo aphunzitsi atandiloza n'kunena kuti “eso es”, kutanthauza “ndi zimenezo”, ndinamva kukoma ngati mwana wa sitandade wani.

Kunyadako kunatha titavala nsapato. Nsapato za flamenco zimakhomedwa timisomali kutsogolo ndi kuchidendene, ndipo phazi limalankhula m'njira zingapo: planta ndi kutsogolo kwa phazi, tacón ndi chidendene, golpe ndi phazi lonse. Aphunzitsi amabwereza mawu amodzimodzi tsiku lililonse, kuti mawondo akhale opindika pang'ono, mwendo uzinyamuka kuyambira pabondo kupita pansi, chiuno chisamadumphe. Akuti amene amaponda ataongola mwendo, msana wake ndi umene umalipira ngongole. Liwiro litakwera, ine ndi amayi a ku Osaka tinkaponda kamodzi pamene ana akuponda kawiri.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Amene amalengeza kuti guleyu aliyense angaphunzire zonse pa msinkhu uliwonse akufuna ndalama zanu. Mapazi othamanga ngati a Carmen Amaya, amene ankavina atavala buluku n'kudabwitsa dziko, amafuna munthu amene anayamba ali kamwana. Ine sindidzawapeza, ndipo bondo langa lamanzere lavomereza kale zimenezi.

Masana ndinadya mbatatesi zothira mafuta a azitona ndi anyezi mu tabanco ina, timalo takale togulitsira vinyo wa sherry wochokera m'migolo. Mwana wanga anaimba foni.

“Amayi, simukudzipweteka kumeneko? Anzanu amapita kunyanja kukapuma, inu mwasankha kukamenya matabwa.”

Ndinamuuza kuti asamalire ana ake, za ine azisiye.

Usiku sindinapite ku Villamarta, matikiti anali atatha. Amayi a ku Osaka ananditengera ku peña ina ya ku Santiago. Peña ndi bungwe la anthu okonda flamenco, ndipo chipinda chawo chimakhala chaching'ono, makoma odzaza zithunzi za oimba amene anamwalira. Mabanja a Agitano, amene ndi Aromani (ma Gypsy) a ku Spain, akhala m'dera limeneli kwa zaka mazana, ndipo anapirira zambiri, kuphatikizapo kumangidwa kwa Agitano m'dziko lonse la Spain mu 1749. Bulería inasungika m'maukwati, m'maubatizo ndi m'mabwalo a nyumba zawo kale kwambiri UNESCO isanaike flamenco pa mndandanda wake wa zikhalidwe zofunika kusungidwa mu 2010.

Kumapeto kwa zoimba anaika mipando mokhota, woimba gitala pakati, oomba m'manja kumbuyo, ndipo anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi kudzavina kanthawi kochepa. Anyamata awiri anaponda mpaka thukuta kamukamu, tinawaombera. Kenako anadzuka agogo ena onenepa, atavala juzi wamba ndi nsapato zafulati zopanda msomali ngakhale umodzi. Sanafulumire. Anaima n'kudikira woimba atsegule pakamwa. Nyimbo ili mkati ankangosuntha pang'onopang'ono, dzanja limodzi litatsina siketi, phewa likuyankha mawu a woimbayo. Woimba atatsala pang'ono kutsiriza, agogo anaponda katatu, anatembenuza mutu, n'kutseka ndendende pa 10. Chipinda chonse chinaphulika ndi “olé”, ndipo iwo anachoka pabwalo akugwedeza chiuno, kubwerera kumpando wawo. Zonsezi sizinakwane mphindi imodzi.

Anyamata aja anatisonyeza zimene miyendo yawo imatha. Agogowo anasonyeza kuti anamva nyimbo yonse, anadziwa pamene woimba apumire, ndipo sanamupondereze ndi phokoso. Pobwerera amayi a ku Osaka anandiuza m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti anayamba kuvina amuna awo atamwalira, ndipo chimene amabwerera kuno ndi kudzamvera oimba, chifukwa mapondedwe okha angaphunzire kwawo.

Mawa kukubwera woimba m'kalasi mwathu, ndipo aliyense adzalowa pakati yekhayekha. Aphunzitsi atiletsa kukonzekera mapondedwe atsopano usiku uno. Tagwirizana ndi amayi a ku Osaka kuti tikumane 9 koloko pakhomo la chipinda chophunzirira, iwo aziomba ine ndizilowa, kenako tisinthane.