Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Malita 50 ndi funso la a Pulofesa

M'gawo lapitalo ndinakusiyani pachipata cha Mwanza, ndili m'basi ya ku Joni, kalata ya ku yunivesite ili m'thumba la jekete, kathumba ka usipa wa asuweni anga kali pansi pa mpando. Za dzuwa la ku Tete ndi mzere wa pa Beitbridge sindichulutsa gaga m'diwa, amene anadutsako akudziwa. Ndinasintha basi pa Park Station ku Johannesburg, ndipo ku Cape Town ndinafika sabata yoyamba ya February 2018, miyendo itatupa.

Asuweni, amene ankasamalira maluwa m'nyumba za anthu olemera ku Constantia, anadzandichingamira n'kunditengera kukachipinda kawo ku Wynberg. Ndisanavule n'komwe nsapato anandipatsa beseni.

"Aphunzitsi, kuno madzi ndi a muyezo. Posamba muziima m'menemu, madzi osambawo tithira kuchimbudzi."

Mzindawo unali m'chaka chachitatu cha chilala. Damu lalikulu la Theewaterskloof linali litasanduka mchenga mbali yaikulu, ndipo kuyambira pa 1 February akuluakulu a mzinda analamula kuti munthu asapyole malita 50 patsiku. Pawailesi nkhani inali Day Zero, tsiku lomwe akanatseka mipopi kuti aliyense azikatunga malita 25 pamalo okhazikitsidwa pafupifupi 200. Anthu a magalimoto apamwamba ankafola ndi zigubu pakasupe wa ku Newlands, nkhope zitagwa ngati ali pamaliro. Ine, kunena zoona, ndinaseka. Malita 50 ndi zigubu ziwiri ndi theka. Mayi anga ku Ntcheu madzi ochuluka choncho amaphikira, kutsukira mbale, kusamba, n'kutsalako a nkhuku, ndipo palibe anabwerapo kudzawajambula.

Maphunziro athu ku University of Cape Town anali oti timakumana m'kalasi masiku owerengeka, kenako aliyense n'kubwerera kwawo kukapitiriza pa intaneti. M'kalasimo munali aphunzitsi a sekondale, ophunzitsa anamwino, ogwira ntchito m'mayunivesite, ena ochokera ku Kenya, ena ku Namibia, ena komweko. Tsiku loyamba atatiuza kuti zowerenga zonse tizizipeza patsamba la yunivesite lotchedwa Vula, ndinadziluma mlomo kuti ndisaphulike nalo phwete. M'Chixhosa ndi m'Chizulu mawuwo amatanthauza kutsekula, koma ine tsiku lililonse ndikamva mphunzitsi akunena Vula ndinkayamba ndagwira kolala ya malaya.

Ndiulule chimene ndinapitira. Ndinali nditaphunzitsa Biology zaka 11 pa CDSS yopanda magetsi, ndipo mumtima mwanga digiri imeneyi inali yokaphunzira kupanga mavidiyo ndi mapulogalamu a pafoni, kenako kulemba makalata kwa azungu kuti atigulire makompyuta. Choncho atatiuza kuti aliyense afotokoze vuto la maphunziro limene wabwera nalo, ndinaimirira mokhulupirika.

"Vuto lathu ndi lakuti sukulu yathu ilibe makompyuta."

A Pulofesa anali mayi wamfupi, wolankhula motsitsa mawu moti unkachita kutchera khutu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ana anu akulephera kuchita chiyani?"

"Akulephera Biology pa mayeso a Fomu 4."

"Biology yense? Nditalowa m'kalasi mwanu mawa, ndingaone mwana akukanika kuchita chiyani ndi manja ake, kapena kunena chiyani ndi pakamwa pake?"

Ndinangoti kakasi. Zaka 11 ndikumeza fumbi la choko, koma yankho ndinalibe. Iwo anapitiriza mofatsa kuti kompyuta ndi mankhwala, ndipo ine ndafika ndi mankhwala m'manja wodwalayo ndisanamuyeze. Ndinakhala pansi makutu akutentha.

Masiku otsatirawo ndi amene ndinadziwa kuti ntchito yokonza dongosolo la kaphunzitsidwe, imene amaitcha instructional design, mizu yake ili ku usilikali, osati ku sitolo ya makompyuta. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziko la America linafunika kuphunzitsa anyamata ambirimbiri kuyendetsa ndi kukonza ndege m'miyezi yochepa, ndipo linalemba akatswiri a kaganizidwe ka munthu, mmodzi mwa iwo Robert Gagné, kuti apeze njira yoti wophunzitsidwayo azithadi ntchitoyo. Kumeneko sungakhoze mayeso poloweza manotsi, ndege ikagwa yagwa. Dongosolo limene aliyense m'ntchitoyi amayambira, lotchedwa ADDIE, linachokera ku Florida State University mu 1975, nalonso analikonzera asilikali. Zilembo zisanuzo zikuimira masitepe asanu: kufufuza vuto ndi ophunzirawo, kujambula mapulani a phunziro, kupanga zipangizo, kuphunzitsa, ndi kuyeza ngati zatheka. Ine ndinali nditalumpha awiri oyambawo n'kukagwera pachitatu, ndipo ndikuganiza kuti ambiri amene amabwera ndi mapulojekiti m'masukulu mwathu amagwera pomwepo.

Amene anandivutitsa kwambiri ndi Robert Mager, yemwe mu 1962 anaphunzitsa kuti cholinga cha phunziro chizinena zinthu zitatu: chimene wophunzira achite, atapatsidwa chiyani, ndiponso achite bwino kufika pati. Ndinalemba cholinga changa kuti ophunzira amvetse osmosis, mutu wa m'Biology wonena za mmene madzi amalowera ndi kutuluka m'maselo. A Pulofesa anazunguliza mawu akuti amvetse ndi cholembera, n'kulemba pambali kuti, mudzadziwa bwanji? Zinandiwawa chifukwa si zachilendo. Ku koleji anatiphunzitsa makwerero a Bloom a mu 1956, amene amasanja zolinga za phunziro kuyambira pa kungokumbukira kukwera mpaka kuganiza mozama, tinawaloweza, tinakhoza, ndipo m'masikimu timalemba aneni oyenerawo bwinobwino kuti oyendera sukulu akabwera asapeze chonena. Kungoti ukalowa m'kalasi la ana 60 ndi buku limodzi, umatembenukira ku bolodi n'kuyamba kulembetsa manotsi, pomaliza n'kufunsa kuti mwamva? Onse n'kuyankha kuti eee. Ndani anganene kuti ayi, nsima ikumudikira kunyumba?

Chimene chinanditsekula m'maso si buku ayi, ndi madzi aja. Mnzathu wina wa komweko anatiuza kuti tiyang'ane zikwangwani za m'zimbudzi za pasukulupo ndi za m'misewu. Panalibe cholembedwa kuti anthu amvetse kufunika kwa madzi. Zinkati samba osapyola mphindi ziwiri. Ukangotaya madzi usagwejemule. Madzi osambira tunga m'ndowa. Malita 50. Chochita chilipo, muyezo ulipo, ndipo sabata iliyonse mzinda unkalengeza kuchuluka kwa madzi amene anthu agwiritsa ntchito poyerekeza ndi malita 450 miliyoni patsiku amene ankafuna kufikapo. Mantha anathandizapo, sindikana, mitengo ya madzi nayo inakwera. Koma anthu mamiliyoni anasintha kasambidwe kawo, madzi ogwiritsa ntchito anatsika kufika pafupifupi theka la kale, ndipo mipopi sanaitseke. Ndinakumbukira zikwangwani za kwathu zakuti madzi ndi moyo. Ndi zoona, koma ukawerenga ndiye utani? Madzulo ake ndinasamba m'beseni la asuweni osaseka.

Tsono ndinayenera kubwerera pa sitepe yoyamba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya wambiri. Ndinatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mnzanga amene anatsala ndi makalasi anga. Ndinamupempha kuti afunse ana a Fomu 4 tanthauzo la osmosis, kenako awalembere pabolodi manambala a zotsatira za kuyesa kuja timadula mbatata ya kachewere n'kuviika m'madzi a mchere wosiyanasiyana, anawo ajambule girafu ya manambalawo, iye ajambule mapepalawo ndi foni anditumizire.

Zithunzi zinafika usiku, tikudya nsima ya usipa uja, asuweni akudandaula kuti ufa wa kumeneko sukhalitsa m'mimba. Tanthauzo pafupifupi onse analemba ndendende monga ndinawalembetsera, mpaka mpumiro. Magirafu ndiye anali malodza. Ambiri anangotenga manambala a pabolodi n'kuwandandalika m'mbali motalikirana mofanana, 0, 5, 7, 20, ngati mapando a chimanga. Ena mzere unakwera n'kutulukira kunja kwa pepala. Sanali ana ogona m'mutu, ena mwa iwo ndinkawadziwa kuti amawerengera amayi awo ndalama za tomato pamsewu osaphonya tambala. Chimene sankadziwa ndi kugawa sikelo, ndipo pa mayeso a MANEB malikisi a girafu amathera pomwepo.

Nditakulitsa chithunzi china ndinaona kuti onse ajambula pamapepala a mizere ong'amba m'makope. Ndinamuimbira mnzangayo, ndalama za foni zikupita ngati madzi.

"Achimwene, bwanji simunawapatse mapepala a girafu?"

Anayamba waseka. "Bwana, mapepalawo ali m'kabati ya sayansi. Kiyi muli naye ndinu."

Ndinali mkulu wa dipatimenti ya sayansi. Mapepala a girafu ankabwera ochepa, ndiye ndinkawakhomera m'kabati kudikira mayeso oyeserera a Fomu 4, kuopa kuti angathe. Chaka ndi chaka mwana ankayamba kugwira pepala la timabokosi pa tsiku la mayeso. Ndinapisa dzanja m'thumba la jekete. Kiyi uja analipo, pamodzi ndi wa kunyumba ndi wa njinga, atawoloka nane malire atatu.

Asuweni anasiya mbamu m'mbale n'kundiyang'ana. "Ndiye aphunzitsi, mwakwera mabasi masiku onsewa, ngongole ya kubanki pamutu, kudzafuna chinthu chimene chili m'thumba mwanu?"

Sindinawayankhe. Ndinajambula mawu kwa mnzanga uja kuti m'mawa akabwereke hamala kwa alonda, athyole loko, ana ayambe ndi kugawa sikelo basi, osmosis aisiye kaye, ndipo ahedi akafunsa anene kuti loko watsopano ndigula ndine. Kenako ndinatsekula laputopu yobwereka ija n'kufufuta tsamba lonse loyamba la ntchito yanga, lija linkayamba ndi makompyuta. Nthawi inali itadutsa 11 koloko, ndipo a Pulofesa ankaifuna ntchitoyo 9 koloko m'mawa.