Ku Ilulissat, kwa agalu okoka chileyi

Ku Ilulissat, kumadzulo kwa Greenland, agalu umayamba kuwamva usanawaone. Amawamangirira kunja kwa tauni, pamiyala, ndipo mmodzi akayamba kuuwa onse amapolokezana mpaka chigwa chonse kulira. Ndinafika mu Malichi, sinowo atalimba, mapiri a ayezi akuyandama panyanja.

Tsiku lomwe ndinakwera chileyi ndinavekedwa zovala zachikopa pamwamba pa majekete anga, komabe zala zinachita dzanzi tisanafike patali. Kwathu ng'ombe zimakoka chileyi zili m'goli ziwiriziwiri. Kuno galu aliyense ali ndi chingwe chakechake, ndipo amathamanga atamwazikana kutsogoloko. Akamayenda panyanja youndana, mmodzi akagwera mumng'alu sakokera anzake m'madzi. Woyendetsa analibe zingwe zowongolera. Anali ndi mawu ake basi, ndi mkwapulo wautali umene amaumenyetsa pasinowo pambali pa agaluwo powauza kokhotera. Pokwera chitunda tinkatsika n'kumathamanga pambali, mpweya ukubaya m'chifuwa.

Madzulo ake ndinali nditatheratu, chonsecho unali ulendo wa maola ochepa. N'chifukwa chake m'mawa mwake ndinalowa mwaulemu m'nyumba yofiira imene anabadwiramo Knud Rasmussen, wofufuza madera ozizira a kumpoto, mu 1879, yomwe pano ndi malo osungirako mbiri. Bambo ake anali m'busa wa ku Denmark, mayi ake anali ndi magazi achi Inuit, eni nthaka a madera ano, ndipo iye anakula akulankhula chinenero cha kuno ndi kuyendetsa agalu. Mu Malichi 1923 ananyamuka kumpoto kwa Hudson Bay, nadutsa m'mphepete monse mwa kumpoto kwa Canada mpaka kukafika ku Nome, ku Alaska, mu 1924. Pafupifupi chaka ndi theka ali m'njira, akulemba nthano ndi nyimbo za a Inuit omwe ankawapeza.

Sanali yekha. Anali ndi mlenje wachinyamata, Qaavigarsuaq, ndi msuweni wa mlenjeyo, mayi wotchedwa Arnarulunnguaq. Mayi ameneyu ndiye wandikhala pamtima. Mwamuna wake anamwalira ndi chimfine ku Nuuk, likulu la Greenland, ulendo usanayambe, koma iye anati apitabe.

Taganizani ntchito yake. Munthu akathamanga tsiku lonse pambali pa chileyi amatuluka thukuta, ndipo chovala chonyowa kuzizira kotere chimauma gwaa, mawa osavalika. Usiku uliwonse, m'nyumba ya sinowo, amuna atagona, wina ankayenera kuyang'anira nyale yamwala yoyaka ndi mafuta a nyama zam'nyanja, kuumitsa zovala pamwamba pake, kutafuna chikopa cha nsapato kuti chifewe, ndi kusoka pong'ambika ndi mitsempha ya nyama, msoko wake wosalowa madzi. Nsapato ikabooka, phazi limafa ndi chisanu, ulendo n'kuthera pomwepo. Pamwamba pa zonsezi ankaphika, ankayendetsa agalu, ankatola zomera, ankathandiza kufukula mabwinja akale ndiponso anajambula mphini za amayi a ku Canada.

Nzeru zina apaulendowa anazipeza kwa eni dera ku Canada. Kumeneko ankamata dothi kunsi kwa chileyi, likauma n'kupakapo madzi ndi kachikopa ka chimbalangondo kuti paundane ayezi woterera. Chakudya cha agalu sichikananyamulika chokwanira miyezi yonseyo, choncho ankasaka m'njira. Kusaka kukavuta, njala inkagwira onse, anthu ndi agalu omwe.

Zimandipweteka kuti alendo ambiri amatuluka m'nyumba ija atagwira dzina limodzi lokha. Rasmussen anali munthu wamkulu ndithu, ndipo mwiniwake ankamutamanda mayiyu poyera. Koma amene anaveka ulendowo kuchokera ku Hudson Bay mpaka ku Alaska anali Arnarulunnguaq. Anabwerera kwawo ku Thule, kumpoto kwa Greenland, akudwala chifuwa chachikulu, ndipo anamwalira mu 1933, chaka chomwecho chimene Rasmussen anamwalira.