Tsiku la katemera wa chitopa kwathu ku Bembeke

Loweruka. Kwacha ndi chifunga, phiri la Dedza osaoneka n'komwe, kuzizira kwa Julaye kolowa m'mafupa. Nkhuku sitinazitsekulire m'mawa poti mayi wotemera wa m'dera lathu anatiuziratu dzulo kuti zigone m'khola mpaka iye afike. Amadziwa kuti nkhuku ya lokolo ikangolowa m'munda wa kachewere, munthu uswera nayo tsiku lonse.

Anafika dzuwa lisanatenthe, kabotolo ka katemera wa chitopa wotchedwa I-2 atakakulunga m'kansalu konyowa. Katemerayu ngwosavuta: kadontho kamodzi m'diso, tambala ndi mwanapiye chimodzimodzi, kenako kubwereza pakatha miyezi inayi. Ntchito ili pa kugwira. Ine ndinalowa m'khola, mdzukulu wanga n'kuima pakhomo kuti azilandira.

Tinayamba ndi mikolongwe. Izi ndi Black Australorp za ku Australia, zimene boma lakhala likuswetsa ku Mikolongwe ku Chiradzulu n'kumagawa m'midzi. Munthu umangotola. Ukatambasula dzanja thadzi limanyonyomala, uligwire, ulitembenuze mutu, kadontho kalowe, ulitsitse, lokha n'kudzikung'untha nthenga n'kumapita mwaulemu. Mayi uja anachita kuseka, amvekere, "Amayi, zikanakhala zonse chonchi bwenzi ndikumaliza mudzi uno nthawi ya nkhomaliro isanakwane."

Ma Kuroiler, ochokera ku India, sitinawafunefune n'komwe, anabwera okha. Iwowa akaona munthu amaona chakudya basi. Limodzi linajompha batani la juzi yanga, lina linkasuzumira m'kadengu ka mankhwala. Nkhanza alibe, koma kususuka kokhakokha, ndipo kulemera kwake mdzukulu ankachita kuwanyamula ndi manja awiri.

Kenako za lokolo. Apa ndiye fumbi linakwera. Kameta wanga, wa khosi lopanda nthenga uja, anaulukira pamtanda wa denga n'kumatetera mudzi wonse umve. Kansilanga, amene sauluka bwino chifukwa cha nthenga zake zopiringizika, anadzipanikiza pangodya kuseri kwa chisa, ndinachita kumukoka mwendo. Koma wamkulu wa onse anali thadzi la tsumba lomwe lili ndi anapiye. Mdzukulu atangogwira mwanapiye mmodzi, thadzilo linafufuma, mapiko pansi, n'kumulumphira pamkono. Mwana anabwerera chafutambuyo akuti, "Agogo, iyi ndiye ayi, igwireni nokha." Ndinaliphimba ndi chitenje, ndipo ngakhale lili m'chitenjemo linkalirabe mwaukali.

Pamene ndinkapukuta mwana pamkono ndinanena kuti thadzi limeneli likadzangoleka anapiye ndikaligulitsa ku Lizulu. Mayi wotemera anandiyang'ana n'kunena kuti ndiganize kaye. Masana omwewo ndinaona chimene ankatanthauza.

Chifunga chitachoka tinazitsekulira. Ndinali pakhonde kusankha nyemba pamene thadzi lija linalira kulira kwina, kwakufupi, kosiyana ndi kuitanira chakudya. Ndisanadzutse mutu anapiye onse anali atalowa kale pansi pa nkhokwe, zii. Kabawi anadutsa chapansipansi pamwamba pa mpanda. Kameta ndi kansilanga anali atathawira kale m'nthochi. Mikolongwe inangoima pakati pa bwalo, makosi m'mwamba, kudabwa kuti anzawo athawa chiyani. Ma Kuroiler sanasiye n'komwe kujompha masamba a kabichi.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti anapiye amenewo si a thadzi la tsumba ayi. Ndi mazira a mikolongwe amene ndinaliikira. Mikolongwe yanga imaikira ndithu, koma kukhala pa mazira masiku 21 siikufuna, imakhala pang'ono n'kudzuka mazira n'kuzizira, ndipo kuzizira kwa kuno sikuchedwa kuwaononga. Ya lokolo imaikira mazira 10 kapena 15, n'kuleka, n'kukhala pamenepo osasuntha ngakhale uyithire madzi. Ndiye anapiye akudawa, ana a nkhuku zofatsa zija, akuleredwa ndi mayi waukali, ndipo lero athawa kabawi mwachangu kuposa amayi awo enieni. Ndikufuna ndione ngati akadzakula adzakhalebe ochenjera chonchi kapena magazi adzawabweza ku ulesi wa kwawo.

Madzulo ndinasakaniza madeya ndi soya wokazinga. Pachakudya pamaoneka china chimene alendo sakhulupirira: mikolongwe, ndi thupi lonse lija, ndiyo imadya pomaliza. Ma Kuroiler amatchinga chodyera ndi matupi awo, za lokolo zimalowa pansi pawo n'kumajompha aliyense woyandikira, kameta wamng'onong'ono uja n'kumathamangitsa thadzi lomuposa kawiri. Mikolongwe imangozungulira kumbuyo kudikira zotsala. Ukapanda kuyang'anitsitsa umangodabwa mazira achepa, osadziwa kuti nkhuku zoikira kwambiri ndi zimene zikugona ndi njala. N'chifukwa chake ine ndimathira malo atatu otalikirana, kwina kuseri kwa khitchini kumene ma Kuroiler saona msanga.

Alamu anga anandipeza ndikuthira chakudyacho. Akufuna kuyamba kuweta ndipo mtima wawo uli pa ma Kuroiler okhaokha, ati amakula msanga ndipo pamsika amagulidwa bwino. Zoona zimenezo, sindinawatsutse. Koma ndinawafunsa kuti, "Alamu, kwanu kuja kulibe mpanda, pafupi ndi nkhalango, nanga inu mumaswera kudimba. Adzakuswerani mazira ndani, adzalondera anapiye ndani?" Anakhala chete, kenako anafunsa mtengo wa misoti ya lokolo. Tagwirizana kuti atenga iwiri sabata yamawa, katemera akakhazikika, ndipo ma Kuroiler adzaonjezera akamanga khola.

Za atambala ndiye nkhani ina. Wa mikolongwe ndi wa lokolo anamenyananso pokalowa m'khola, ndipo monga mwa nthawi zonse wamkuluyo ndiye anathawa, magazi ali pamutu. Ndamutsekera m'dengu usiku uno. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndituma anyamata akadule nsungwi tigawe khola pakati. Thadzi la tsumba ku Lizulu silipita.