Ulendo wa ku Lowndes, kumene kulembetsa voti kunkachotsetsa munthu pamunda

Msewu wa Highway 80 wochokera ku Selma kukafika ku Montgomery, m'chigawo cha Alabama ku America, ndi wa makilomita 87, ndipo umadutsa pakati pa boma la Lowndes. Alendo ambiri amangodutsapo pa basi potsata mapazi a anthu amene anaguba mu Malichi 1965 pofuna ufulu wa anthu akuda wovota. Gulu lathu, lomwe ntchito yathu ndi kuphunzitsa anthu a m'midzi za chisankho, linapatula tsiku lonse m'boma limeneli kuti tione zomwe eni dera anachita oguba aja atapita.

Tinayambira ku Hayneville, likulu la bomali, pabwalo la kutsogolo kwa khoti. Kumayambiriro kwa 1965 anthu 80 mwa 100 alionse ku Lowndes anali akuda, koma m'kaundula wa ovota munalibe wakuda ngakhale mmodzi. Msampha wake unali wa mbali zingapo. Ofesi yolembetsera inkatsegulidwa masiku awiri okha pamwezi, nthawi yomwe mlimi ali kumunda. Wolembetsa ankapatsidwa mayeso owerenga ndi kulemba ndime za malamulo, wochonga n'kukhala mlembi yemweyo. Pankafunikanso munthu amene ali kale m'kaundula kuti akuchitire umboni, ndiye wakuda akanamupeza kuti? Pa 1 Malichi 1965 anthu oposa 30 anabwera pamodzi kudzalembetsa, anabwezedwa. Patatha masabata awiri anakhoza awiri okha: John Hulett ndi mlaliki wosaona, John Lawson. Ntchito yolembetsa inasamutsidwira kundende yakale, kuti munthu azilemba mayeso mtima uli m'mwamba.

Malo amene tinakhalitsa ndi White Hall, pa Lowndes Interpretive Center, nyumba yofotokoza mbiri ya oguba aja, pafupi ndi pomwe panali mudzi wa matenti. Apa ndi pomwe nkhani yonse yagona. Pafupifupi malo onse olima anali m'manja mwa mabanja ochepa a azungu, ndipo akuda ambiri ankalima thonje ngati matenanti: nyumba ya mwini munda, ngongole ya mbewu ndi chakudya kwa mwini munda yemweyo. Amene anaona moyo wa pa esiteti ya fodya amvetsa msanga. Pulezidenti Lyndon Johnson atasaina lamulo la ufulu wovota pa 6 Ogasiti 1965, mayeso aja anathetsedwa ndipo boma lalikulu linatumiza alembi ake. Anthu analembetsa mwaunyinji. Eni minda anayankha ndi kuwapitikitsa. Chakumapeto kwa chakacho mabanja othamangitsidwa anakhomeredwa matenti m'mbali mwa msewu, pamalo amene sanali a mzungu, opanda madzi a m'mipope kapena magetsi, ndipo ena anakhalamo pafupifupi zaka ziwiri. Usiku kunkadutsa magalimoto owombera mfuti. Cholinga cha matentiwo chinali chomveka bwino: banja likasamukira ku Montgomery kapena ku Detroit, voti yake yachoka m'boma, mwini munda wapambana. Kusunga munthu pamalo kunali kusunga dzina lake m'kaundula.

N'chifukwa chake amene anatsogola anali alimi okhala ndi malo awoawo, poti panalibe wowathamangitsa. Banja la Matthew Jackson ku White Hall linapereka nyumba yogonamo achinyamata a SNCC, bungwe la ophunzira lomenyera ufulu wa anthu akuda, ena mwa iwo Stokely Carmichael, amene analowa m'bomali mu Malichi 1965. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kosavuta kufotokoza koma kowawa kuchita. Ankayenda khomo ndi khomo, kukhala pakhonde, kumvetsera kaye za msewu, sukulu ndi ngongole asanatchule za voti, kenako kubwereranso kachiwiri ndi kachitatu. Lamulungu madzulo kunkakhala msonkhano waukulu kutchalitchi, monga pa Mount Gillard Baptist, pomwe tinaimanso pang'ono. Utsogoleri sunali wa alendowo ayi. Eni dera anali ndi bungwe lawo, wapampando wake Hulett, ndipo ndilo linkagamula zochita. Kolembetsa ankapita ambiri pamodzi, chifukwa munthu mmodzi ngosavuta kumuopseza.

Mantha ake sanali ongoganizira. Viola Liuzzo, mayi wachizungu amene anabwera kudzathandiza oguba aja, anaphedwa ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, pamsewu womwewu pa 25 Malichi 1965, ndipo chikumbutso chake chimaoneka m'mbali mwa msewu. Pa 20 Ogasiti, Jonathan Daniels, wophunzira za unsembe, anawomberedwa pakhomo la sitolo ku Hayneville akuteteza mtsikana wa zaka 17, Ruby Sales. Womuphayo, Tom Coleman, anamasulidwa ndi oweruza amene onse anali azungu.

Funso lotsatira linali lakuti: talembetsa, tivotera yani? Chipani cha Democratic cha ku Alabama chinali ndi chizindikiro cha tambala woyera ndi mawu otamanda ulamuliro wa azungu, ndipo ku Lowndes chinakweza ndalama zopikisanira kuchoka pa madola 50 kufika pa 500. Anthu anapeza ndime ya lamulo la Alabama yolola chipani cha boma limodzi lokha, nakhazikitsa Lowndes County Freedom Organization, chizindikiro chake nyalugwe wakuda, kuti ndi wosadziwa kuwerenga yemwe adziwe pochonga. Chomwe chinatigwira mtima kwambiri ndi timabuku tazithunzi tomwe a SNCC anakonza, tofotokoza ntchito ya mpando uliwonse: sheriff, yemwe ndi mkulu wa apolisi wosankhidwa ndi anthu, amachita chiyani, woyesa msonkho wa malo amachita chiyani, bodi ya maphunziro ili ndi mphamvu zanji. Maphunziro ambiri a zachisankho amathera pa kapindidwe ka pepala lovotera, chikhalirecho wovota sadziwa chomwe angamufunse munthu amene wamusankha.

Pa 3 Meyi 1966 anthu pafupifupi 900 anasonkhana pa First Baptist Church ku Hayneville n'kusankha oimira 7. Pa chisankho cha 8 Novembala onse anagonja ndi mavoti mazana angapo. Eni minda anatengera matenanti awo kokavota pa malole atawauziratu pochonga, ena anaopa kutuluka m'nyumba, ndipo anthu a matenti anali chitsanzo choonekeratu cha zomwe zimagwera wosamvera. Komabe mavoti anaposa 20 peresenti yomwe lamulo linkafuna, chipanicho n'kuvomerezeka. John Hulett anasankhidwa kukhala sheriff wa Lowndes mu 1970.