Kang'ona m'malaya

Ndamva kuti nkhani yanga yafika kale pa Kamuzu Road, ndipo kumeneko akuti ng'ona yake inali yotha kugubuduza bwato. Bodza limenelo. Kanali kamwana, kosaposa mkono wanga kuchokera pachigongono.

Musanaseke, dziwani kuti ng'ona thupi lake silidzitenthetsa lokha, limadalira dzuwa ndi madzi. Abwana athu kufamu ya ng'ona sasiya kutiuza za abale ake a ng'ona a ku South America otchedwa caiman, amene amawetedwa ku Argentina ndi ku Brazil. Ana a caiman osungidwa pofunda, cha m'madigiri 30 mpaka 32, amadya kwambiri n'kukula msanga. A pozizira amangoti ndwii, nyama osaiyang'ana, ndipo imene adya kale imachedwa kugayika. Zathu za m'nyanjazi n'chimodzimodzi.

Ndiye usiku wa mu Julayi, mwera uli pakalapakala ku Senga Bay, magetsi phethi, madzi a tiana n'kuyamba kuzizira. Kena kofooka kanali kataumiratu gwa. Inuyo mukanatani? Ine ndinakatola, kukaponya m'malaya, kupisira bwinobwino, jekete pamwamba, n'kupita kukaotha mbaula ya alonda. Chifundo, abale anga.

Zimene ankanena abwana zija zinachitika ndendende. Poyamba ndinamva kamchira kakugwedera pamchombo. Kenako tizikhadabo tikukwera nthiti, imodziimodzi, kosafulumira konse, kuima apa, kununkhiza apo, ngati mayi wosankha chambo padoko. Ine mumtima n'kumati taonani, ndapulumutsa moyo. Ndinamwetulira ndithu. Kanafika pachifuwa, kanaganiza kaye pang'ono, n'kusankha bere lakumanzere.

Akuti kukuwa kwanga anakumva asodzi ali pakati pa nyanja. Alondawo, munthu wamkulu wa msinkhu wa bambo anga, anangosuntha tiyi wawo n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi ndi mizimu?" Malaya osavulika, zipi ya jekete itakana, ine ndikakoka nako kamakoka. Tinaizungulira mbaula ija awiriwiri mpaka kanatopa kokha.

Kuchipatala anamwino anandifunsa kawiri chimene chandiluma, kenako anatuluka n'kubwera ndi anzawo atatu oti adzamve okha.

Kang'onako tsopano kakudya mosaona nkhope, abwana akuti kaposa anzake onse pasikelo ndipo ndi onyadira kwambiri. Za bere langa sanafunsepo.