Mwayi wa ku Motonosumi unanding'ambira thalauza

Kwathu mbale ya chopereka imakupeza uli khale pabenchi. Ku Motonosumi, kachisi wa chipembedzo cha Shinto wa ku Nagato m'chigawo cha Yamaguchi ku Japan, bokosi la chopereka analikhomera pamwamba pa chipata, mamita oposa 5 kuchokera pansi. Wofuna mwayi amaponya khobidi m'mwamba, ndipo akuti likalowa, zimene wapempha zitheka.

Ndinapitako ndi mnzanga wa ku Zomba amene tinkaphunzira naye ku Japan komweko. Malowo ndi okongola, ndisaname. Zipata zofiira zotchedwa torii zilipo 123, zandanda kutsetsereka phiri kulowera kumatanthwe a m'mbali mwa Nyanja ya Japan. Kachisiyo anayamba mu 1955, ndipo eni ake amati nkhandwe yoyera inadzera msodzi wina usiku n'kumulamula kuti amange. Wailesi yakanema ya ku America ya CNN itatchula malowa mu 2015 pakati pa malo okongola kwambiri a ku Japan, alendo anayamba kukhamukirako. N'chifukwa chake mboni za nkhani yangayi zinali zambiri.

Mnzanga uja anandigawira timakobidi ta 5 yen, tobooka pakati tija, timene Ajapani amati ndi tamwayi. Ine ndinangoseka. Munthu wokula ndi kugenda mango ndingalephere kabokosi kosayenda?

Loyamba mphepo yakunyanja inalinyamula, sindinalionenso. Lina linagunda mtanda wa chipata n'kubwerera, kudzatera pachipewa cha agogo ena aamuna. Agogowo anavula chipewa, n'kundiweramira. Iwowo, olasidwawo! Ine ndinawerama, iwo anaweramanso, mpaka akazi awo anawakoka malaya. Kenaka agogo aakaziwo, ndodo ili kumanzere, anangoponya mwaulesi chochokera m'munsi. Ngwee, m'bokosi. Anandiyang'ana mwachifundo, ndipo chifundocho n'chimene chinandipweteka.

Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndipeze liwiro. Ndinanjuta, ndinathamanga, ndinalumpha miyendo tang'a. Phokoso linamveka pawiri: ngwee kumwamba, ng'aaa kumunsi. Khobidi lalowa, thalauza lang'ambika kuchokera palamba mpaka pakati pa miyendo.

Anthu anaomba m'manja. Mpaka lero ndimadziuza kuti ankaombera khobidi.

"Aise, usatembenuke," anatero mnzanga, misozi ili mbwee ndi kuseka. "Ndipo kabudula wamkati wamaluwayu unamugula kuti?"

Jekete ndinali nditasiya m'galimoto. Ndinayenda chammbali, manja kumbuyo, mphepo ija ikulowa momwe ikufunira. Agogo aamuna aja anandiyandikira n'kunditambasulira kathaulo kawo kopukutira thukuta, maso ali kunyanja ngati sakuona kanthu. Kathaulo kake kakang'ono, koti kangophimba theka la vuto.

Tsono mwambo wapakachisi umati potuluka utembenuke, uyang'ane kukachisi, uwerame. Ndinafuna kuzemba, koma agogo awiri aja anali ataima pambali panga, atawerama kale, akundidikira. Ndinatembenuka, ndinawerama mozama monga mwana woleredwa bwino. Kumbuyo kwanga n'kuti gulu la alendo atsopano litangofika kumene, mafoni ali m'mwamba kujambula chipata.

"Werama bwino, aise," anatero wa ku Zomba uja. "Mwina CNN ikuikanso pamndandanda."