Kwaya imene inafika kumapeto nyimbo isanathe

Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, ndi aphunzitsi, ndipo saona kuyambira ali mwana. Nthawi zonse akabwera kudzacheza kwathu ku Blantyre ndimadabwa ndi mmene foni yawo imawalankhulira, chifukwa pulogalamu imene imawawerengera zolembedwa, yotchedwa TalkBack, anaiika pa liwiro limene kwa ine limamveka ngati mpheta zikulimbirana mapira. Tsiku lina madzulo, titatha kudya, ndinawafunsa ngati amamvadi zimene foniyo imanena kapena amangogwedeza mutu pofuna kutiopseza ife osaphunzira. Iwo anaseka, n'kundifunsa kuti: "Alamu, inu mukamawerenga nyuzipepala, kodi maso anu amayenda pa liwiro la munthu wolankhula? Nanga makutu angawa adikire chiyani?"

Anandifotokozera kuti ngakhale makanema a pa intaneti munthu angathe kuwafulumizitsa kapena kuwachedwetsa, ndipo anati nkhaniyi inadzetsa mkangano. Kampani ya Netflix, yoonetsa mafilimu pa intaneti, itayamba kuyesa batani la liwiro mu 2019, anthu ena opanga mafilimu ku Hollywood, mmodzi mwa iwo Judd Apatow, anakwiya kwambiri ponena kuti filimu iyenera kuonedwa monga mmene mwini wake anaikonzera. Komabe mu 2020 batanilo linatuluka pa mafoni a Android, munthu n'kumasankha 0.5, 0.75, 1.25 kapena 1.5, ndipo mabungwe awiri a ku America, la anthu osaona lotchedwa National Federation of the Blind ndi la anthu a vuto la kumva lotchedwa National Association of the Deaf, anayamikira. Osaona ambiri anazolowera kumvetsera mothamanga, pamene anthu a vuto la kumva amafuna kuchedwetsa kanema kuti awerenge bwino mawu olembedwa m'munsi. Anandionetsanso kuti pa YouTube batanilo liliponso, kuyambira pa 0.25 kukafika pa 2.

Pa zonse zimene ananenazo, ine ndinatolapo chimodzi chokha, ndipo nachonso ndinachitola chozondoka. Ndinawerengera kuti ngati kanema wa mphindi 60 angathe m'mphindi 40, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a bandulo yanga latsala m'thumba. Ndikunena izi mwamanyazi, chifukwa ntchito yanga ndi yowerengera ndalama. Kuyambira usiku umenewo chilichonse ndinkachionera pa 1.5, kaya ulaliki, kaya maphunziro a ntchito, kaya zigoli za mpira, ndipo ndinayamba kuona ngati anthu a ku ofesi amalankhula mwaulesi.

Mwezi womwewo mtsogoleri wa kwaya ya kumpingo kwathu anapita ku Johannesburg kukaona mwana wake, ndipo popeza ndimaimba besi komanso ndimatha kulemba manotsi a do re mi, anandisiyira udindo wokonzekeretsa kwaya kuti idzaimbe pa Lamulungu la zokolola. Nyimbo anali atasankha kale. Ananditumizira pa WhatsApp kuti ndikaimvere pa YouTube, ndipo anaitumizanso kwa mnyamata wathu woimba kiyibodi, amene pa nthawiyo anali ku sukulu ku Mzuzu. Usiku umenewo ndinali nditangomaliza kuonera phunziro lina pa liwiro langa lija, ndipo ndinatsegula nyimboyo osakumbukira kubweza batani.

Anthu ambiri andifunsa kuti zinatheka bwanji osazindikira, ndipo pano ndiyenera kudziteteza pang'ono. Ife tinakulira pa wailesi za kaseti, pamene tepi ikathamanga mawu a mwamuna ankasanduka a kamwana, mabatire akafooka woimba ankabuula ngati ng'ombe yodwala. Khutu langa linaphunzira kuti liwiro likasintha, mawu nawonso amakwera kapena kutsika. Zipangizo za masiku ano sizitero, chifukwa zimafupikitsa nthawi koma n'kusiya mawu pamalo pake, moti besi amakhalabe besi, kungoti amamveka ngati munthu amene wamwa tiyi wa shuga wambiri. Kuwonjezera apo, kanemayo analibe anthu oyenda kapena manja ogwedezeka amene akanandichenjeza, chinali chithunzi chimodzi chokha cha kwaya itaima, mawu a nyimbo akudutsa m'munsi. Ndinaimvera kawiri, ndinalemba manotsi m'kope, bandulo inatha, ndipo ndinagona ndikuyamikira mumtima kuti kunja kuno kuli makwaya amphamvu.

Kwa masabata atatu, Lachiwiri ndi Loweruka lililonse, ndinaphunzitsa anthu 24 nyimboyo kuchokera m'mutu mwanga. Amayi a alito anadandaula kuti sakupeza popumira. Bambo wina wachikulire wa besi, amene wakhala m'kwayamo kuyambira ine ndisanakwatire, anandikokera pambali n'kunena mwaulemu kuti mawu a nyimboyo akukamba za mpumulo wa otopa ndi olemedwa, choncho sakuona chifukwa choiimbira ngati tikuthawa galu wachiwewe. Ine ndinawayankha ndi phunziro lalitali. Ndinati vuto la mipingo yathu ndi kukoka nyimbo ngati maliro, ndipo makwaya a masiku ano amaimba chonchi, ndinadzimvera ndekha ndi makutu angawa. Bamboyo anangoti, "Chabwino, aphunzitsi," ndipo mmene anatchulira mawu akuti aphunzitsiwo ndimawakumbukirabe ndikamagona.

Mnyamata wa kiyibodi anayenera kufika Loweruka masana kuti tiyeserere limodzi, koma basi inawonongeka panjira, ndipo anafika usiku anthu atabalalika. Tinalankhulana pa foni, iye anati nyimboyo waidziwa bwino, ine ndinati nafenso taidziwa bwino, ndipo tonse awiri tinkanena zoona.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. Kutsogolo kunali matumba a chimanga, madengu a mtedza, maungu, mitolo ya nzimbe, ndi nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo zimene zinagonekedwa pafupi ndi guwa. Titaitanidwa, mnyamata uja anayamba kuimba poyambira pake mofatsa kwambiri, ndipo ine ndinaganiza kuti ndi mantha kapena kutopa kwa ulendo, choncho ndinamukodola ndi dzanja kuti achangamuke. Sanachangamuke. Ndinakweza manja, ndinapereka chizindikiro, ndipo anthu 24 ananyamuka monga mmene ndinawaphunzitsira. Pofika kumapeto kwa mzere woyamba tinali titamusiya m'mbuyo ndi mawu angapo, ndipo pomaliza ndime yoyamba iye anali asanayambe n'komwe mzere wake wotsiriza. Ndinamuyang'ana ndi diso la mkulu, iye anandibwezera diso la munthu amene akudziwa chimene akuchita, ndipo palibe amene anagonjera mnzake. Akanakhala kuti kwayayo inaphunzitsidwa mwaulesi, bwenzi itamvera kiyibodi n'kubwerera m'mbuyo, koma ine ndinali nditaiphunzitsa bwino kwambiri, ndipo aliyense maso anali pa manja anga.

Mpingo unayesa kutithandiza ndi kuwomba m'manja, koma unagawikana pawiri. Mbali ya amayi inatsatira kiyibodi, achinyamata a kumbuyo anatsatira ife, ndipo akuluampingo, amene sakonda kuoneka kuti ali ndi mbali, ankawomba pakati pa magulu awiriwo. Nkhuku imodzi inayamba kukupiza mapiko. Ndinaona mayi wina wa alito akutuluka thukuta pamphuno, akumeza mpweya pakati pa mawu ngati munthu amene akukwera phiri la Ndirande ndi ndowa pamutu, koma sanaphonye notsi ngakhale imodzi.

Nyimbo ya mphindi 6 ikaimbidwa pa 1.5 imatha m'mphindi 4, ndipo masamu amenewa okha ndi amene anandiyendera bwino mwezi wonsewo. Tinafika pa Amen, ndinatseka chibakera mwaluso, kwaya inakhala chete, koma mnyamata uja anali atatsala ndi ndime yathunthu. Sanasiye. Anaimba ndime yonseyo yekha, modekha, mutu atapendeketsa, ife 25 titaima kutsogolo kwa mpingo milomo ili chitsekere. Ndakhalapo pa mizere ya ku banki kumapeto kwa mwezi, koma sindinaonepo mphindi ziwiri zazitali ngati zimenezo. Sindinadziwe ngati nditembenuke, nditsitse manja, kapena ndiyerekeze kuti tinachita kukonza. Atamaliza, abusa anaimirira, anakonza magalasi awo, n'kunena kuti: "Tithokoze kwaya yathu chifukwa cha nyimbo ija, ndipo tithokozenso mwana wathu chifukwa cha nyimbo yachiwiri ija."

Mapemphero atatha ndinamutsatira mnyamatayo kuseri kwa tchalitchi ndili wokonzeka kumudzudzula. Iye sanatsutse chilichonse, anangotulutsa foni yake n'kutsegula nyimbo yomweyo, ndipo ndinamva kwaya yomwe ija, mawu omwe aja, ikuimba mwakachetechete ngati mayi wogoneka mwana. Ndili chiimire, ndinamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwanga. Anali alamu anga, amene anabwera kudzapemphera nafe tsikulo, mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka.

"Alamu, ija inali 1.5," anatero. "Ndinaizindikira pa mzere wachiwiri."

Pobwerera kunyumba anandiuza zinthu ziwiri zimene ndikanakonda kuzimva mwezi umodzi m'mbuyomo. Anati Netflix imabweza liwiro pamalo pake munthu akatsegula filimu ina, ndipo mwa maganizo awo anthu amene anakonza zimenezo ankaganizira anthu ngati ine. Kenaka anandifunsa kuti ndinkathamangitsiranji nyimbo ya mpumulo, ndipo nditawaululira za bandulo anaima pakati pa msewu. Anati kanema ndi yemweyo ndipo kukula kwake n'komweko, kaya umuonere mofulumira kaya pang'onopang'ono, monga mmene ndowa ya madzi siichepera chifukwa choti waithira mothamanga. Mayi a kunyumba, amene anali chete njira yonse, anangofunsa ngati ku ofesi kwathu kuli munthu wina amene amaonanso mabuku a ndalama ine ndikamaliza.

Apongozi anga aakazi, amene makutu awo anayamba kufooka, ndi amene anapindula ndi nkhaniyi, chifukwa ataimva anapempha kuti awaonetse batanilo, ndipo tsopano maulaliki okhala ndi mawu olembedwa m'munsi amawaonera pa 0.75. Ine mtsogoleri wa kwaya atabwerako ndinabwezedwa ku mzere wa kumbuyo, pafupi ndi bambo wachikulire uja, amene masiku ano nyimbo iliyonse ikamayamba amandigwira mkono wa malaya. Ana a Sande sukulu amanditchula kuti a Wani Poyinti Faivi. Alamu anga okha ndi amene amanditeteza, ndipo amauza aliyense kuti pa zaka zonse zimene akhala akubwera ku tchalitchi kwathu, tsiku limenelo ndi lokhalo limene kwaya inaimba pa liwiro la munthu wanzeru.